Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko

Ana anga a ku Etatara, Mandimba ndi Ngauma, munthu akakhapidwa ndi zikwanje pochokera kogulitsa soya, kapena mayi akathyoledwa mkono ndi mwamuna wake, timayesa kuti nkhani yatha wolakwayo akatsekeredwa. Koma ndende sibweza ndalama zimene zinathera ku chipatala, ndipo silimira munda wa munthu wopunduka. Chimene chimatsala ndi chipukuta misozi, ndipo ichi sichibwera chokha pakhomo.

Malamulo a dziko la Mozambique amalola wovulazidwa kupempha chipukuta misozi pa mlandu womwewo umene wachifwamba akuzengedwa. Ndime 58 ya malamulo aakulu a dziko a chaka cha 2004 imanenanso kuti boma liyenera kulipira ngati wakuvulazani ndi wantchito wake amene waphwanya lamulo ali pa ntchito yake, ngakhale atavala yunifolomu. Koma woweruza salota. Amaona pepala. Tsiku lomwelo limene mwavulazidwa kauzeni apolisi, kenako pitani ku chipatala mukatenge chikalata cha dokotala chofotokoza mabala. Malisiti a mankhwala, a thiransipoti yopita ku Cuamba, ngakhale a bokosi la maliro, asungeni m'pulasitiki.

Ndikudziwa chimene chimachitika kumudzi. Abale a wolakwa amabwera madzulo ndi mbuzi ndi mameticali ochepa, n'kunena kuti tikambirane pachibale. Mafumu athu tiwalemekeze, koma lamulo la 1992 linapatsa makhoti a m'midzi milandu ing'onoing'ono yokha, yosafika pomangitsa munthu. Kupha, kugwirira ndi kuvulaza koopsa si milandu ya pansi pa mtengo. Nkhanza kwa amayi m'banja nazo zili ndi lamulo lakelake la 2009. Mbuzi idyedwa sabata imodzi, pomwe ana amasiye adzafuna chakudya ndi makope zaka zambiri.

Nanga chigamulo chikatuluka chopanda chipukuta misozi, kapena ndalamayo ikachepa kwambiri? Musabwerere kunyumba n'kumangodandaula kuti amphawi alibe mawu. Pali apilo. Chigamulo cha khoti la ku Cuamba kapena Mandimba chikhoza kukaunikidwanso ku khoti la chigawo ku Lichinga. Mlandu umene unayambira ku Lichinga umapita ku khoti la apilo ku Nampula, ndipo pamwamba pa onse pali khoti lalikulu ku Maputo. Akulu anati mlandu suwola, koma apilo imawola: masiku ake ndi owerengeka, akadutsa chitseko chatsekeka. Funsani tsiku lomwelo lachigamulo kuti muli ndi masiku angati.

Musaope za ndalama ya loya. Bungwe la boma la IPAJ linakhazikitsidwa mu 1994 kuti liziimira anthu osauka kwaulere. Safunsa anadya phula. Ngati Chipwitikizi chikukuvutani, pemphani womasulira, ndipo musadinde chala pa pepala limene simunalimve.

Inu eni mbumba, amalume ndi azakhali, mutu umodzi susenza denga. Wovulala sangayende yekha ulendo wa ku Lichinga. Sonkhani ya ulendo, mmodzi amuperekeze, wina atsale akulima munda wake. Ndipo woweruza akalamula ndalama koma wolakwayo osalipira, bwereraninso ku khoti komweko mukapemphe kuti chigamulocho chikwaniritsidwe.