Kampira kofiira kaja n'kojambula, ndiye zitani?

Mawu akuti "palibe amene anaionapo vayirasi" akuyendabe m'magulu a WhatsApp, ndipo amene amawafalitsa amadziona ochenjera zedi. Umboni wawo ndi kampira kotuwa ka timinga tofiira kaja, komwe kanadzaza pa TV mu 2020. Amati taonani, izi n'zojambula pakompyuta. Eya, n'zojambuladi. Anajambula ndi Alissa Eckert ndi Dan Higgins a ku CDC, ku America, ndipo sanabise. Koma kuchoka pamenepo n'kumanena kuti korona sanaonekepo, umenewo ndi ulesi woganiza basi, ndipo ulesi womwewu unakanitsa anthu ena katemera.

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti anthuwa sanafunsepo kuti chithunzi chenicheni chimapangidwa bwanji. Maikulosikopu ya kusukulu ija imagwiritsa ntchito kuwala, ndipo siingaonetse bwino kanthu kochepera nanomita 200. Korona ndi wa nanomita pafupifupi 100. Ndiye pamafunika maikulosikopu ya maelekitironi, yomwe Ernst Ruska ndi Max Knoll anapanga ku Berlin mu 1931. Vuto lake, maelekitironi amayenda bwino mopanda mpweya, ndipo kanyama konyowa ukakaika mmenemo madzi amathawa, iko n'kufota.

Choncho kachidutswa ka mnofu kamayamba kaviikidwa mu glutaraldehyde kuti zonse ziume pamalo pamene zili. Kenako mu osmium tetroxide, mankhwala oti nthunzi yake yokha imawononga maso. Madzi amawachotsa pang'onopang'ono ndi ethanol, kuyambira wosungunula mpaka wa 100 peresenti. Akatero amakathira utomoni wa epoxy n'kukaika mu uvuni wa madigiri 60 kwa tsiku limodzi kapena awiri. Kakalimba, amakadula ndi mpeni wa dayamondi kapena wa galasi, tizidutswa ta nanomita 70 kapena chapompo. Tangoganizani, kunenepa kwa tsitsi limodzi mungatulutsemo tizidutswa pafupifupi 1,000. Timayandama pamadzi, ndipo wodulayo amadziwa kuti wadula bwino poona mtundu wake: kakamawala ngati siliva ndiye kuti kapyapyala mokwanira. Amakawola ndi kasefa ka mkuwa ka mamilimita atatu, n'kukadontheza uranyl acetate ndi mankhwala a mtovu kuti zinthu zioneke. Ntchito ya masiku angapo imeneyo, aise, ndipo chotuluka chake ndi chithunzi chakuda ndi choyera. Mitundu yonse mumaiona ija amachita kupaka pambuyo.

Kwa vayirasi yomwe ili m'madzi njira yake ndi yachidule: amathira mankhwala olemera omwe amadetsa malo ozungulira, vayirasiyo n'kuoneka yoyera pakati. Mmisiri wa zimenezi anali June Almeida wa ku Glasgow, mwana wa dalaivala wa basi, yemwe anasiya sukulu ali ndi zaka 16 n'kuyamba ntchito mu labu. M'zaka za m'ma 1960, ali pachipatala cha St Thomas's ku London, anaona tizilombo tokhala ndi timinga ngati chisoti chachifumu m'zinthu zimene David Tyrrell anamutumizira. Dzina loti coronavirus linatuluka mu 1968. WhatsApp kunalibe, Photoshop kunalibe.

Wina anena kuti: mwachipha, mwachiumitsa, mwachipaka mtovu, ndiye mukudziwa bwanji kuti zimene mukuonazo si zipsera za mankhwala anu omwewo? Funso limeneli ndiye lanzeru, ndipo ndikanakonda likanamveka m'magulu muja. Mankhwala amapotozadi zinthu nthawi zina, ndipo asayansi akhala akukangana pa zimenezi. N'chifukwa chake kunabwera njira ina yosadalira mankhwala amenewa: kuponya kasefa kaja mu ethane wozizira kwambiri, madzi n'kuuma mwadzidzidzi ngati galasi, osapanga timiyala ta ayezi tong'amba zinthu. Jacques Dubochet, Joachim Frank ndi Richard Henderson analandira Nobel mu 2017 chifukwa cha njirayi. Korona ataunikidwa chonchi, timinga tija tinali pomwepo.

A manyuzipepala nawonso sindiwasiya. Amaika kampira kofiira kaja osalemba pansi kuti n'kojambula, chifukwa chithunzi chenicheni, chotuwa chambuu ngati phulusa, sichikopa munthu kudina. Akanangoonjezerapo mawu awiri, amalume a pagulu la banja aja bwenzi akusowa poyambira.