ZA M'MAIKO ENA: MFUMU IMENE INAGULA MITSUKO NDI ASILIKALI

M'caka ca 1717 Mfumu Augustus ya ku Saxony ndi Poland inapereka asilikali ake 600 okwera pa akavalo kwa mfumu ya ku Prussia, ndipo inalandira mitsuko ndi mbale 151 zoumbidwa ku China. Umu ndimo mfumuyo inakondera ziwiya za dothi loyera, zimene kwa zaka mazana ambiri anthu a ku Ulaya analephera kuumba cifukwa cinsinsi cake cinali ndi Achaina.

Zaka zingapo izi zisanacitike, mfumuyo inagwira mnyamata wina dzina lake Johann Friedrich Böttger, amene anali kudzitama kuti akhoza kupanga golidi. Inamtsekera ndi kumlamula kuti aonetse nzeru zakezo. Golidi sanaoneke, ndipo moyo wa Böttger unali pa ngozi. Koma pogwira nchito pamodzi ndi katswiri wina, Ehrenfried Walther von Tschirnhaus, anapeza njira yoocera mtapo woyera pa moto woopsa kufikira utalimba ndi kuwala ngati wa ku China. Izi zinacitika m'caka ca 1708.

Mu 1710 mfumu inakhazika fakitale m'linga la Albrechtsburg mu mzinda wa Meissen. Anchito anali kulondedwa ngati akaidi kuti cinsinsi cisatuluke, komabe mu 1719 mmodzi wa iwo anathawa naco kunka ku Vienna. Böttger anamwalira caka comweco ali ndi zaka 37.

Pambuyo pake Augustus anafuna cinthu cacikulu koposa: kudzaza nyumba yake ina ya ku Dresden ndi nyama ndi mbalame zoumba mazana ambiri, zina zofanana msinkhu ndi zamoyo. Nchitoyi inagwera amisiri awiri, Johann Gottlieb Kirchner ndi Johann Joachim Kändler; Kändler ndiye analowa m'fakitalemo mu 1731.

Apa ndipo panali bvuto. Dothi limafota likalowa m'ng'anjo, ndipo coumba cikakula cimang'aluka. Nyama zambiri zinatuluka ndi ming'alu, imene amisiri anaimata. Poopa kuziocanso kaciwiri, anazipaka utoto wamafuta pamwamba, umene unafufutika m'kupita kwa zaka.

Zoumbazi zimaonetsa amene anaona nyama ndi maso ndi amene sanaione. Cipembere ca ku Meissen anaciumba potsata cithunzi cimene Albrecht Dürer anajambula mu 1515, iyenso asanacionepo. Cotero cinatuluka ngati cobvala malaya acitsulo, cokhala ndi kanyanga kena pamapewa, coti mlenje aliyense angaciseke. Koma Kändler anali kupita kumene mfumu inasungira nyama zamoyo, naziyang'anitsitsa, ndipo mbalame zake zimaoneka ngati zifuna kuuluka.

Augustus anamwalira mu 1733 asanaone nchitoyo itatha, ndipo patangopita zaka zocepa inalekeka. Kändler anapitiriza kuumba kufikira imfa yake mu 1775, napanganso tizifanizo tating'ono, monga gulu lochuka la anyani oimba zitoliro ndi ng'oma.

Lero fakitale ya Meissen ikali kuumba, ili m'manja mwa boma la Saxony, ndipo cizindikiro cake ndi malupanga awiri opingasana. Nyama zazikulu zija, pamodzi ndi ina ya mitsuko imene inagulidwa ndi anthu, zimaonetsedwa m'nyumba ya Zwinger ku Dresden. Alendo amasirira mitsukoyo, koma za asilikali 600 amene anasiya kwao cifukwa ca iyo amakumbukira ndi owerengeka.