Foni ya alamu ndi apolisi a pa kanema

Alamu anga akakhala pa Law & Order, ngakhale nsima izizire patebulo sacheuka. Seweroli linayamba kuonetsedwa ku America mu 1990, ndipo kayendedwe kake sikasintha: poyamba apolisi a ku New York akusaka wopalamula, kenako maloya a boma akulimbana ndi mlandu m'khoti. Ola lisanathe zonse zadziwika. Mawu amene wapolisi amanena pomanga munthu unyolo, oti ali ndi ufulu wokhala chete komanso wopeza loya, alamu anawaloweza ngati vesi la Sande sukulu. Amadziwanso kumene anachokera: mlandu wa Ernesto Miranda wa ku Arizona, umene khoti lalikulu la ku America linagamula mu 1966.

Ndiye mwezi wathawu anagula foni. Mnyamata wina anawapeza pa depoti, n'kuitulutsa m'thumba la jekete, yonyezimira, yopanda bokosi, yopanda chaja. Mtengo wake unali wa nkhuku ziwiri. Alamu anabwera nayo kunyumba akuyenda monyang'wa. Patatha masiku anayi, kunafika anthu awiri osavala yunifolomu, akufunsa mwaulemu kuti foniyo anaipeza kuti.

Nditakawaona kupolisi madzulo ake, ndinawapeza atavula lamba ndi nsapato, dzanja limodzi litagwira thalauza kuti lisagwe. Za Miranda zija zinali zitauluka. "Alamu," anatero motsitsa mawu, "kodi muno munthu amakhala masiku angati?"

Funso limenelo lakhala likundivutitsa. Munthu wodziwa malamulo a ku Arizona sankadziwa kuti Malamulo Oyendetsera Dziko lathu, a mu 1994, mu gawo 42, amanenanso za ufulu wokhala chete, ndipo amalamula kuti womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba limene khoti likugwira ntchito ngati maolawo athera pa Loweruka kapena pa holide. Sankadziwa kuti belo ya kupolisi salipira ngakhale tambala. Ndisaname, nanenso ndinachita kufunsa.

Pali mawu amodzi amene kanema amatiphunzitsa kuwapeputsa: woganiziridwa. Pa sewero, kamera imakhala itatinong'oneza kale amene wapha, choncho loya akamati munthu wake ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa, ife timaona ngati ndi ukathyali wa maloya basi. Khalidwe lomweli timapita nalo kumsika. Wina akangokuwa kuti "wakuba!", palibe amene amafunsa umboni, ena ali kale ndi miyala, ena akufunafuna tayala. Komatu woganiziridwa, wozengedwa mlandu ndi wopezeka wolakwa ndi anthu atatu osiyana, ndipo ambiri amathera pa woyambayo. Mawuwa ndinawamva kukoma tsiku limene woganiziridwayo anali mwamuna wa mlongo wanga.

Za katundu nazo zili ndi mayina ake, amene ife timangowaphatikiza n'kuti kuba. Kutola foni m'thumba la munthu ndi mlandu wina. Kumulanda momuopseza ndi chikwanje ndi mlandu wina wokulirapo. Kuthyola nyumba usiku lamulo limakuona moopsa kuposa kuthyola masana. Wa alamu unali wakuti mwina analandira katundu wakuba, umene uli m'gawo 328 la Penal Code. Pamenepa nkhani imagona pa funso lakuti: kodi unkadziwa, kapena panali chifukwa choti uganize, kuti katunduyu ngwakuba? Foni yopanda bokosi, ya mtengo wa nkhuku ziwiri, yogulidwa kuseri kwa minibasi, imayankha yokha funso limeneli mosakomera wogula.

Chinawapulumutsa sichinali makina a mu sewero la CSI, limene linayamba mu 2000 kutionetsa akatswiri a ku Las Vegas akupeza chigawenga ndi katsitsi kamodzi. Chinali chikumbumtima cha kondakitala wina amene anaona kugulana konse, nanena kuti mnyamata wa jekete uja amamudziwa. Alamu anatuluka mawa lake, ndipo tsopano ndi mboni ya boma.

Amene ndimamumvera chisoni ndi mwini foni, mayi wogulitsa zitenje. Iye ankayesa kuti foni ikapezeka ndiye kuti madzulo omwewo ibwerera m'chikwama chake. Anamuuza kuti foniyo tsopano ndi umboni, iyenera kudikira kaye kuti khoti liione. Manambala a makasitomala ake onse ali mmenemo, mu envulopu ya khaki yolembedwa nambala ya mlandu. Pa Law & Order sindinaonepo mayi ngati ameneyu akukwera minibasi kachitatu kukamva kuti mlandu wayimitsidwa kaye.

Lamlungu ndinakawazonda alamu. Ndinawapeza pampando wawo uja, rimoti m'manja, wapolisi wa ku New York akukankhira mnyamata wina m'galimoto. Mlongo wanga anati, "Ameneyu nkhope yake ikuchita kuoneka kuti ndi yemweyo." Alamu sanayankhe msanga. Kenako anati, "Dikira kaye, mayi a Chisomo, sanafike kukhoti."