Mizukwa ya ku Castle ndi anthu amene satchulidwa

Mwezi wathawu ndinali ku Cape Town kukaona mchemwali wanga amene wakhalako zaka zambiri. Ana ake awiri anabadwira konko, ndipo Chichewa chawo ndi chija chongokwanira kupereka moni ndi kupempha ndiwo. Tsiku lachiwiri lomwe, wamkuluyo, mnyamata wa zaka 11, anandipanikiza kuti ndimuperekeze ku Castle chifukwa anzake kusukulu akuti kuli mizukwa. Mawu akuti mzukwa sankawadziwa n'komwe, anachita kumuphunzitsa ndi mayi ake uku akuseka.

"Achimwene, pitani naye," anatero mchemwali wanga. "Koma akayamba kubwebweta usiku, mugona naye ndinu."

Ine ndinakulira kumudzi kumene ngakhale kuloza kumanda ndi chala kunali mlandu. Dzuwa likalowa, njira yodutsa kumsitu wa manda tinkailambalala ngakhale tikhale ndi mtolo pamutu. Ndiye zoti munthu achite kulipira pakhomo kuti akasake mizukwa zinandidabwitsa ndithu. Komabe malume sathawa pamaso pa mwana, choncho m'mawa mwake tinanyamuka.

Dzina lake lonse ndi Castle of Good Hope. Ndi linga lalikulu la miyala, la ngodya zisanu ngati nyenyezi, pafupi ndi siteshoni ya sitima pakati pa mzinda. Inamangitsa ndi kampani ya Adatchi ya VOC kuyambira 1666 mpaka 1679, ndipo ndiyo nyumba yakale kwambiri mwa nyumba za atsamunda zimene zidakaimabe ku South Africa. Kalelo nyanja inkafika pafupi ndi makoma ake, koma anthu anakwirira gombelo mpaka madzi anasunthira kutali. Lero ndi malo osungirako zinthu zakale: mifuti, mayunifolomu a asilikali, mipando, mbale ndi zithunzi zojambula pamanja.

Amene ankationetsa malo ankayidziwa ntchito yake. Anayamba ndi nkhani ya bwanamkubwa Pieter Gysbert van Noodt, munthu amene amakumbukiridwa ndi nkhanza. Mu April 1729 iye analamula kuti asilikali ena amene anafuna kuthawa ntchito anyongedwe. Amati mmodzi mwa iwo, chingwe chili kale m'khosi, anamuitanira kubwalo la Mulungu kuti akayankhe. Tsiku lomwelo bwanamkubwayo anamupeza atafa ali pampando. Zoti anafa tsiku limenelo zinalembedwa m'mbiri, koma za temberero ndi za anthu ofotokoza. Amati mpaka pano amamveka akuyendayenda uku akutukwana.

Kenaka panabwera nkhani ya Lady Anne Barnard, mayi wa ku Scotland amene anafika mu 1797 ndi mwamuna wake, mlembi wa boma la Angerezi. Popeza bwanamkubwa wa nthawi imeneyo anabwera wopanda mkazi, mayiyu ndiye ankalandira alendo ndi kukonza madansi. Amati pakakhala phwando la anthu olemekezeka, amaoneka atavala diresi lake lalitali. Palinso belu la pachipata, limene linasulidwa ku Amsterdam mu 1697, lomwe amati nthawi zina limalira lokha chifukwa msilikali wina anadzimangirira pachingwe chake. Pomaliza pali galu wamkulu wakuda amene amati amalumphira munthu kenaka n'kuzimiririka.

Mnyamata uja ankangomwetulira. Ngakhale ine ndinaona kuti zambiri zili ndi poyankhira. Mphepo ya ku Cape Town, ija yochokera kummwera chakum'mawa, ikamaomba imaliza chilichonse chopachikika. Makoma ochindikala amabweza mawu, moti munthu akatsokomola mbali ina, iwe umamva ngati ali kumbuyo kwako. Mlonda amene wachezera usiku wonse atamva kale nkhani zoterezi, maso ake amamuonetsa zomwe makutu anamva.

Kumwetulira kunatha titalowa m'chipinda chotchedwa Donker Gat, kutanthauza dzenje la mdima. Ndi chipinda chopanda zenera chimene ankatsekeramo akaidi, pafupi ndi pomwe ankawazunzira kuti avomere milandu. Wotionetsa uja anatichenjeza, n'kutseka chitseko kwa kanthawi kochepa. Abale, mdima ndimaudziwa, koma uwu unali wina. Ndinangomva kadzanja kakundigwira mwamphamvu. Sindinama, nanenso ndinakagwiritsa.

Titatuluka panja padzuwa, mwanayo anakhala chete kwa nthawi. Kenaka anafunsa funso limene silinali la mizukwa: "Amalume, miyala yonseyi ananyamula ndani?"

Yankho lake ndi lakuti asilikali, amalinyero ndi akapolo. Adatchi ankabweretsa akapolo kuchokera ku Madagascar, India, zilumba za Indonesia ndi madera ena a Africa, ndipo patsogolo pake ambiri ankachokera ku Mozambique. Pamene ndinkamufotokozera, m'pamene ndinazindikira chinthu chomwe chandichititsa kulemba lero. Mizukwa yonse yomwe tinauzidwa mayina inali ya mabwana. Bwanamkubwa ali ndi dzina ndi tsiku limene anafa. Dona ali ndi dzina ndi diresi lake. Ngakhale galu ali ndi nkhani yake. Koma amene anaswa miyala ndi amene anakuwa m'chipinda chija, palibe anawatchula. Ngati kulidi akufa amene ali ndi chifukwa chokanira kugona, si amenewa kodi?

Zinthu zikusinthako pang'ono. Mu 2016 pamalowa anaikapo ziboliboli za atsogoleri anayi amene analimbana ndi atsamunda: Cetshwayo, mfumu ya Azulu imene inasungidwa m'lingali itagonjetsedwa ndi Angerezi mu 1879, komanso Langalibalele, Sekhukhune ndi Doman, mtsogoleri wa Akhoi. Tinaima pamenepo nthawi yaitali kuposa pabelu paja.

Kuchoka apo tinayenda wapansi kupita ku Slave Lodge, nyumba imene kampani ija inkasungiramo akapolo ake, yomwenso tsopano ndi yosungiramo mbiri. Ndinamufotokozera za sitima ya Apwitikizi yotchedwa São José, imene inanyamuka ku Mozambique ndi akapolo oposa 500 kupita ku Brazil, n'kusweka pafupi ndi gombe la Clifton mu December 1794. Anthu oposa 200 anamira, ndipo opulumuka anagulitsidwa ku Cape konko. Ogula anthu a kugombe la Mozambique ankafika kutali kumtunda, kumadera a Amakua, omwe ndi abale a Alomwe athu, mpaka kufupi ndi nyanja yathu. Mu 2015, pamwambo wowakumbukira, anthu anatenga dothi la ku Mozambique n'kukalithira m'nyanja pamene sitimayo inamira.

Zadothizi zinandilasa mtima. Inu mukudziwa zomwe timachita m'bale wathu akamwalira ku Joni kapena ku Cape. Timasonkherana, wina pang'ono, wina pang'ono, ngakhale amene akugona ndi njala, kuti maliro apite kumudzi. Sitivomera kuti munthu agone pakati pa anthu osadziwa dzina lake. Ndinamuuza mwana uja kuti kwathu mzukwa ndi mzimu n'zosiyana. Mzukwa ndi wongoopseza anthu. Mizimu ndi makolo athu amene anatsogola, omwe agogo ankawatchula mayina mwaulemu. Anthu aja omira m'nyanja analinso ndi mayi awo amene anawadikira mpaka kutopa, ndipo panalibe wosonkha kuti abwerere kwawo.

Tili m'basi pobwerera, anandifunsa mwachindunji: "Ndiye amalume, mizukwa ilikodi kapena ayi?"

Apa ndi pamene ife akuluakulu timalakwitsa. Ena timakalipa kuti zimenezo n'zachibwana, mwana n'kusiya kutifunsa koma mantha ali nawobe. Ena timakometsera nkhani kuti mwana aziopa kutuluka usiku, kenaka tikudabwa akukodzera pamphasa. Ine ndinamuyankha kuti sindinauonepo, ndipo lero lomwe sitinauone. Ndinamuuzanso kuti anthu akulu ndi anzeru amasiyana maganizo pankhaniyi, ndipo akakula adzaiganizira yekha. Koma nkhanza zimene zinachitika m'chipinda chija n'zoona, zinachitidwa ndi anthu amoyo, masana dzuwa likuswa mtengo, lamulo likuwaloleza.

Makolo anzanga, mwana akabwera ndi nkhani ya mizukwa, kaya ya kusukulu yogonera konko, kaya ya nyumba ina yosiyidwa m'tauni, musafulumire kumutseka pakamwa. Mufunseni kuti wamva zotani, ndipo akuti munthuyo anali ndani, anafa bwanji. Kawirikawiri pansi pa nkhani yotere pamakhala chinthu chenicheni chimene anthu analephera kuchikamba poyera. Ndipo ngati mwana ndi wamng'ono kwambiri kapena wamantha, m'zipinda ngati Donker Gat musamukakamize kulowa.

Usiku umenewo mnyamata uja sanabwebwete. Tikudya, anafunsa mayi ake mayina a agogo awo ndi kumene anaikidwa. Mchemwali wanga anatchula awiri n'kukakamira pa wachitatu. Anandiyang'ana kuti ndimuthandize, nanenso dzina linandithawa. Tinachita kuimbira foni azakhali kumudzi, omwe anayamba atikalipira kaye asanatiuze. Mwanayo analemba mayina onse kumapeto kwa kope lake la masamu, ndipo wanditumira kale uthenga kuti akadzabwera pa Khirisimasi, ndidzamuperekeze kumanda.