Mlendo Wagolide ndi Mlendo Wamba

Mwezi wa Novembala ku Chicago mphepo yochokera ku nyanja ya Michigan imalasa ngati singano, ndipo munthu wakwathu kuno akatsika galimoto pakhomo pa hotela amathamangira m'kati osacheuka. Usiku umenewo tidafika anthu awiri, ine ndi mayi wina wachikulire wochokera ku Chipata amene wathera moyo wake wonse akuphunzitsa Chinyanja ndi kutolera mawu akale kwa agogo akumidzi. Tonse tidaitanidwa ku msonkhano wa akatswiri a maphunziro a za Africa, ndipo tonse tidali titatopa mofanana.

Hotelayo idali pakati penipeni pa mzinda, imodzi mwa zimphona zimene zidamangidwira misonkhano: zipinda zoposa 1,000, zikepe zokwera ndi kutsika usiku wonse, maholo akuluakulu pansi pa nthaka, ndi khwimbi la anthu ovala mabaji m'khosi ngati mbuzi zopita kumsika. Pamalo olandirira alendo padali mizere iwiri. Wina udali wautali, wokhotakhota pakati pa zingwe. Winawo udali ndi kapeti yakeyake ndi chikwangwani chonena kuti ndi wa mamembala apamwamba, ndipo mudalibe munthu. M'thumba mwanga mudali khadi londiyenereza kuponda kapetiyo, chifukwa chaka chimenecho ndidayenda kwambiri pa ntchito ya kafukufuku ndipo ndidakwezedwa kukhala membala wagolide.

"Pitani, bambo, mzere wanu ndi uwo," adatero mayi aja akumwetulira. "Ife tidikira."

Ndidapita, ndipo ndikuulula pano kuti mtima wanga udakondwa. Mnyamata wa pakauntala adanditchula dzina ndi udokotala wanga womwe, nandithokoza chifukwa cha "kukhulupirika" kwanga. Adandikweza ku nsanjika yam'mwamba kumene mawindo amayang'ana kunyanja, nandipatsa kiyi yotsegula chipinda chapadera chodyeramo kadzutsa. Zonsezi zidatha mphindi zitatu. Mayi aja adaima pafupifupi ola lathunthu, ndipo atafika kutsogolo adauzidwa kuti apereke khadi la kubanki la chikole, chinthu chimene adalibe poti kamba wawo wapaulendo adali madola owerengeka mu envelopu. M'mawa mwake ine ndikudya zipatso kumwamba, iwo adali m'chipinda choyang'anizana ndi khoma la njerwa, akumwera tiyi buledi wogula pasitolo. Pa msonkhanowo pepala lawo lidaposa langa kutalitali.

Sindikulemba kuti ndidandaule za hotelayo, pakuti idachita zimene idalonjeza. Mlandu wanga uli ndi liwu limene mnyamata uja adagwiritsa ntchito, ndiponso ndi ife ophunzira amene timalimeza osatafuna. Ndikunena kuti chimene mahotela ameneŵa amachitcha kukhulupirika ndi malonda wamba ovekedwa chovala chobwereka, ndipo chovalacho chikang'ambika pa ntchito yotere, tidzasowa chovala tsiku la mwambo weniweni.

Mwambo umenewu si wakale. Kampani ya ndege ya American Airlines idayambitsa dongosolo lake lopatsa mphotho okwera pafupipafupi mu 1981. Mahotela adaonera pomwepo: Holiday Inn ndi Marriott adayamba zawo mu 1983, Hilton mu 1987. Mfundo yake ndi yosavuta. Ukagona umalandira mapointi, mapointi akachuluka umagona ulere, ndipo masiku ako akakwana umakwera makwerero. Mwachitsanzo, pa dongosolo la Marriott Bonvoy, limene lidatenga dzinali mu 2019, wogona masiku 10 pa chaka ndi wasiliva, masiku 25 wagolide, masiku 50 wapulatinamu, masiku 75 watitaniyamu. Taonani maina ake: onse ndi a zitsulo zokumbidwa pansi. Ife a chigawo cha migodi ya Copperbelt ndi Witwatersrand tikudziwa bwino kuti pamene pali golide pamakhalanso mulu wa dothi lotayidwa. Ngati ine ndili mlendo wagolide, mayi a ku Chipata ndi mlendo wachiyani?

Tsopano ndivale chipewa cha ntchito yanga. Liwu lachingerezi loti "loyalty" lidadzera m'Chifalansa chakale kuchokera ku Chilatini "legalis", kutanthauza za lamulo. Tsinde lake ndi pangano lomanga anthu awiri. Liwu lathu loti kukhulupirika ndi m'bale wa kukhulupirira ndi chikhulupiriro. Munthu wokhulupirika ndi amene ungamusiyire mwana, kiyi ya nkhokwe kapena chinsinsi, nuchoka mtima uli m'malo. Kukhulupirika kumaoneka pamene phindu latha, pa matenda, pa maliro, m'chaka cha njala. Paja akuluakulu adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Nanga kukhulupirika kwa kuhotela? Kumawerengedwa chaka ndi chaka, ndipo ukaleka kuyenda ugolide wako umatsika. Pa madongosolo ena akuluakulu mapointi amafafanizika ukangokhala miyezi 24 osawagwiritsa ntchito kapena kuwonjezera. Kampani nayo ili ndi ufulu wosintha mtengo wa mapointiwo tsiku lililonse, osakufunsa. Ubale umene umafa ndalama zikatha, umenenso mbali imodzi yokha imalemba malamulo ake, uli ndi dzina lake m'chinenero chathu, ndipo dzinalo ndi malonda.

Liwu lachiwiri limene lavulazidwa ndi mlendo. Mlendo ndi ulendo ndi ana a bere limodzi: mlendo ndi munthu amene ali panjira. N'chifukwa chake liwu limodzi lomwelo limatchula amene tamuitana ndi amene sitikumudziwa, ndipo onse amalandiridwa chimodzimodzi: mpando kapena mphasa, madzi akumwa, kenako malonje. Timamulandira tisanamufunse za kwawo. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, choncho amapatsidwa zabwino lero lomwe. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, choncho amene sitikumudziwayo ndiye woyenera kumutchera khutu. Azungu nawonso adali ndi nzeru yofananayo. Katswiri wa zinenero Émile Benveniste adaonetsa mu 1969 kuti mawu achilatini "hospes", kholo la "hotel" ndi "hospital", ndi "hostis", limene pambuyo pake lidatanthauza mdani, amachokera pa tsinde limodzi lonena za munthu wachilendo amene uli naye pa ubale wopatsana. Hotela ya mapointi yatembenuza zonsezi chadodolido. Amene akudziwika kale ndi kompyuta ndiye amalandiridwa, ndipo mlendo weniweni, wofika koyamba, wotopa, wosadziwa njira, ndiye amaima kumapeto kwa mzere.

Ife Amalawi a msinkhu wanga tili ndi chifukwa china chochitira tsemwe tikamva khadi ndi kukhulupirika zikutchulidwa pamodzi. Tidakula tikuloweza ngodya zinayi za ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Umboni wa kukhulupirikako udali khadi la chipani, limene ayufi ankalifuna pachipata cha msika ndi pokwerera basi, mpaka mavoti a riferendamu ya 1993 adagwetsa chipani chimodzi. Sindikuyerekeza hotela ndi ulamuliro umenewo. Kuhotela palibe amene amamenyedwa, ndipo khadi lake salikakamiza. Koma phunziro la chinenero ndi limodzi: liwu labwino likamatidwa pa kapepala kotsegulira zitseko, limayamba kutanthauza kapepalako. Tidazionanso ndi thangata. Kuthangata kudali kuthandizana pakati pa anansi, koma eni minda ya atsamunda ku mapiri a Shire adalitenga liwulo nalisandutsa dzina la ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala, imodzi mwa nkhanza zimene zidautsa John Chilembwe mu 1915. Kufikira lero munthu akati "imeneyi ndi thangata" sanena za chithandizo. Mawu amabedwa, ndipo akabedwa sabwerera msanga.

Ndikudziwa zimene anzanga ena ayankhe. Adzati: "Adokotala, mwakuza nkhani. Hotela ndi bizinesi. Kodi mayi wogulitsa tomato pamsika sapatsa kasitomala wake mbasela?" Amapatsa ndithu, ndipo palibe cholakwa. Koma tiyeni tiziyerekeze bwino. Mayi wa tomato amakudziwa nkhope, amadziwa kuti mwana wako adadwala, ndipo tsiku limene ulibe ndalama amakukongoza. Mbasela yake satapa pa mulu wa amene ali pambuyo pako, ndiponso sauza anthu ena kuti aime padzuwa mpaka iwe utamaliza. Mphotho zambiri za kuhotela zimakoma chifukwa chakuti wina akumanidwa. Mzere waufupi ulibe tanthauzo popanda mzere wautali pambali pake. Chipinda cham'mwamba chimatsekemera chifukwa chikepe chimakana kukwera nawo amene kiyi yawo ndi wamba. Chimene ndidagulitsidwa usiku uja chidali mwayi woona mnzanga ataima ine ndikudutsa.

Palinso funso limene ife oyendayenda pa misonkhano sitikonda kulimva: ndalama zimene zidandigulira ugolide zidali za yani? Sizidali zanga. Zidali za yunivesite ndi za mabungwe othandiza kafukufuku. Bilu imapita kwa olipira, mapointi amabwera kwa wogona. Apa ndiye pagona luntha lonse la dongosololi: limanyengerera munthu amene akusankha hotela ndi ndalama za wina kuti asayang'ane mtengo. Kangati ndidasankha hotela yodula, ina yotsika mtengo ili pafupi pomwepo, pofuna kukwanitsa masiku anga a chaka? Kalaliki wa boma akalandira kangachepe kuti apereke kontirakiti kwa wakutiwakuti timati katangale, ndipo timalemba mapepala aukali omudzudzula. Ife tikalandira usiku waulere timati ndife mamembala okhulupirika.

Ndipo pansi pa makwerero onsewa pali anthu amene alibe chitsulo chowatchulira. M'makonde a hotela ija ndidamva Chisipanishi, Chiamhariki ndi Chitwi kuchokera kwa amayi okankha ngolo za nsalu zogonera. Kunena zoona, zinenero za ku Africa ndidazimva kwambiri m'makondemo kuposa m'maholo momwe tinkazikambirana m'Chingerezi. Ena mwa antchito otere agwira pamalo amodzi zaka makumi awiri. Ngati pali wokhulupirika m'nyumba imeneyo, ndi iwowo. Koma mu Seputembala 2018 antchito a mahotela oposa 20 a mu Chicago momwemo adanyanyala ntchito pofuna kuti inshulansi yawo ya zaumoyo isamaduke m'miyezi yozizira, pamene alendo amachepa ndipo iwo amaimitsidwa. Chaka chomwecho antchito oposa 7,000 a mahotela a Marriott adanyanyalanso m'mizinda monga Boston, San Francisco ndi Honolulu, ndipo limodzi mwa madandaulo awo lidali dongosolo la masiku amenewo lopatsa mapointi alendo okana kukonzeredwa chipinda, ati pofuna kusamala chilengedwe. Kwa mlendo adali mapointi aulere. Kwa wokonza zipinda adali maola odulidwa pa malipiro, ndi chipinda cha litsiro la masiku atatu choti achikonze pa nthawi ya tsiku limodzi.

Wina asaganize kuti izi ndi za ku America kokha. Mu 2014 Marriott idagula Protea Hotels ya ku South Africa, imene ili ndi mahotela m'maiko angapo a chigawo chathu, ndipo makhadi a mphotho adzaza kale m'masitolo akuluakulu a ku Johannesburg. Tsiku lina womasulira wina ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Tete adzapatsidwa chikalata cha malonda kuti achiike m'Chichewa, ndipo adzafika pa liwu lija. Ndikumupempha, monga mnzake pa ntchito ya mawu, kuti asalembe kukhulupirika. Alembe kuti mphotho ya ogula pafupipafupi, kapena kaundula wa makasitomala, kapena mbasela ngati akufuna kukometsera. Dikishonale idzamuuza kuti mawu awiriwo ndi ofanana, koma womasulira wabwino amamasulira chimene chikuchitika, ndipo chimene chikuchitika apa ndi kugula ndi kugulitsa.

Kwa mabungwe athu a ophunzira ndili ndi pempho lina. Bungwe lobweretsa anthu mazanamazana ku hotela imodzi lili ndi mphamvu pokambirana mtengo. Ligwiritse ntchito mphamvuyo kufuna kuti nthumwi zonse zilandiridwe pa mzere umodzi, kuti chikole cha ochokera kutali chiperekedwe ndi bungwe, ndiponso kuti kadzutsa akhale wa onse kapena asakhale wa aliyense. Mapointi amene okonza msonkhano amalandira abwezedwe kuti agonere aphunzitsi ndi ophunzira amene alibe owalipirira. N'zochititsa manyazi kukamba za umunthu m'holo yapansi pamene okambawo tagawidwa m'nsanjika monga mwa kulemera kwa makhadi athu.

Tsiku lomaliza la msonkhano ndidawaitana mayi aja kuti tikadye kadzutsa kumwamba, poti khadi langa linkalola mlendo mmodzi. Adayang'ana nyanja ija kwa kanthawi, nadya pang'ono, kenako adakulunga mabanzi awiri m'kapepala. Ndidayesa ndi kamba wa pa ndege. Tikutsika adaima pakhonde la nsanjika yawo napereka mabanziwo kwa mayi amene ankawakonzera chipinda, amene adali atamudziwa kale dzina, kwawo ndi chiwerengero cha ana ake. Ine ndidagona m'hotelayo masiku anayi, ndidachokamo ndi mapointi zikwi zingapo, ndipo sindikudziwa dzina la munthu ndi mmodzi yemwe amene adandiyalira bedi.