Maluwa a ku Nyika Akuthera M'mbale

Mvula ikakhazikika pa mapiri a Nyika, mu Januwale ndi Febuluwale, pamene udzu uli wanthete ndipo nkhungu ichedwa kuchoka m'zigwa, madambo a kumeneko amavala maluwa ofiira, oyera ndi achikasu, amene akatswiri a zomera amawatcha Disa, Satyrium ndi Habenaria. Ndipo mwa mitundu yoposa 200 ya banja la maluwa amenewa imene Namalenga anaidzala pamenepo, ina siipezeka kwina kulikonse pansi pa thambo. Komatu ife okonda chikande, chimene abale athu a kumpoto amati chinaka, duwalo sitilidziwa ayi. Chomwe tidziwa ndi kambatata kake ka pansi, kamene amayi amakasinja, nakasakaniza ndi nsinjiro, chidulo ndi tsabola, nakaphika kufikira katalimba ngati nyama.

Chovuta chagona pa mabadwidwe a chomeracho. Chaka ndi chaka chimadya mbatata yakale kuti chikule, nichisunga yatsopano kuti chidzaphukire chaka chamawa. Tsono wokumba akazula yatsopanoyo, pakuti ndiyo yonenepa yokondweretsa wogula, wazula moyo wonse. Njere zake nzazing'ono koposa, zopanda chakudya m'kati mwake, kotero kuti sizimera pokhapokha zitakumana ndi kabowa kena ka m'nthaka kozidyetsa. Ndipo zikamera, papita zaka duwa loyamba lisanaoneke. Dambo limene khasu lalitembenuza njere zisanakhwime silibwereranso msanga, pajatu madzi akatayika saoleka.

Kale chikande chinali ndiwo ya kumudzi, koma pamene chinalowa m'misika ya Lusaka ndi Copperbelt, madambo a ku Zambia anayamba kuperewera, ndipo amalonda anaoloka malire. Kafukufuku wa Tim Davenport ndi Henry Ndangalasi wa mu 2003 anapeza kuti mbatata zoposa 2 miliyoni zinali kuchoka ku Tanzania kupita ku Zambia chaka chilichonse, makamaka kudzera pa Tunduma. A ku Tanzania anachitapo kanthu mu 2005 pokhazikitsa paki ya Kitulo, yoyamba m'chigawo chotentha cha Africa yoikidwa makamaka chifukwa cha maluwa. Nyika yathu ndi paki chiyambire 1965, koma makasu amalowamo ndithu mozemba, ndipo matumba amatuluka.

Sindivomereza kuti wokumbayo ndiye mdani. Ku Makete, ku Tanzania komweko, ofufuza anapeza kuti ambiri mwa okumba ndi ana amasiye ndi amayi olera amasiye. Ndipo munthu amene mbatatayo ndiyo sopo ndi mchere wake, ukam'gwira ndi kum'lipiritsa, mawa m'bandakucha abwereranso ku dambo, pakuti njala siidziwa malire a paki. Wopindula kwenikweni ndi mwini galimoto wogula pa mtengo wolira, amene dzanja la lamulo silim'fikira kawirikawiri.

Kuyambira mu 2016, akatswiri a Kew Gardens ndi a Copperbelt University anayesa kumeretsa maluwawa kuchokera ku njere, kuti chikande chidzalimidwe m'dimba. Ndikupempha sukulu zathu za ukachenjede ku Mzuzu ndi ku Bunda kuti ziilandire ntchito imeneyi, ndi mafumu a ku Rumphi ndi Chitipa kuti alamule nyengo yokumba m'madambo a kunja kwa paki, khasu lisalowe njere zisanauluke.