Kodi Ndani Aika Tsamba Pamwamba?

Anzanga, ndifuna kunenapo mau pang'ono pa chizolowezi chimene chakula pakati pathu. Aphunzitsi akatipatsa ntchito, ife tithamangira ku Google, ndi kutsegula tsamba loyamba limene lioneka, ndi kukopera zonse. Inenso ndinatero teremu yatha, pamene tinauzidwa kulemba za nkhondo ya John Chilembwe ya m'chaka cha 1915. Pobweza makope, aphunzitsi anawerenga mau anga oyamba mokweza, ndipo ambiri m'kalasimo anazolika, pakuti mauwo anali m'makope mwao momwe. Manyazi ake sindidzawaiwala.

Tsono ndinayamba kufunsa kuti, kodi ndani anaika tsamba lija pamwamba? Google anaiyamba anyamata awiri, Larry Page ndi Sergey Brin, m'chaka cha 1998, atachita maphunziro pa Stanford ku Amereka. Njira yao, imene anaitcha PageRank, inali yowerenga masamba ena amene aloza ku tsamba lako, monga mfumu iwerenga mboni pa bwalo. Ndipo mboni yodziwika imveka koposa mboni wamba. Koma atambwali sasowa. Ena anayamba kulemba masamba ambirimbiri opanda nzeru, ongodzaza ndi mau amene anthu akonda kufunafuna, kotero kuti m'chaka cha 2011 Google inakonzanso makina ake ndi njira yotchedwa Panda, kuti masamba otere atsike.

Chimene chinandidabwitsa koposa ndi ichi. Pa mlandu umene boma la Amereka linazenga Google ku Washington m'chaka cha 2023, mkulu wina wa kampaniyo, Pandu Nayak, anafotokoza kuti iwo asunga mbiri ya miyezi 13 ya masamba amene anthu adinapo, ndi kuti mbiri imeneyi ithandiza posanja mayankho. Ndiye kuti chala changa ndi chanu chili ndi mau pa nkhaniyi! Taganizani za mai wogulitsa tomato pa chipata cha msika. Ambiri agula kwa iye chifukwa ndiye woyamba kuoneka, ndipo munthu wowerenga ogula okha adzanena kuti tomato wake ndiye wabwino koposa, chonsecho wokoma ali m'kati mwa msika. Ine ndiganiza kuti ulesi wathu uchita chomwecho pa intaneti.

Sindinena kuti tsamba loyamba ndi labodza nthawi zonse ai. Kawirikawiri likhala labwino ndithu. Koma makinawo sanapite ku Mbombwe ku Chiradzulu, kumene Chilembwe anamanga tchalitchi chake. Angoyesa zizindikiro, ndipo zina mwa zizindikirozo tiwapatsa ndife.

Masiku ano ine nditsegula masamba atatu kapena anai, ndi kuona dzina la wolemba ndi chaka chimene analemba, kenaka ndipita ku laibulale kukayerekeza ndi buku. Data ikutha msanga, zoonadi, ndipo ya mwezi uno yatha kale.